Bwalo Lotsetsereka la Kunsi kwa Michesi

"Kokani chingwecho, achemwali, chisagwe mimba!" anakuwa Howard, mmisiri womanga nyumba, atagwada kumtunda kwa bwalo pafupi ndi khitchini.

Madalo anakoka. Iye anaima kumunsi, pafupi ndi khola la mbuzi, ndipo kuti chingwecho chiwongoke anachita kuchikweza mpaka pachifuwa. Howard anaikapo levulo yake, anasuzumira kamadzi ka m'katimo, kenako anaimba mluzu.

"Mwaona? Kuno chingwe chili pansi, uko chili pachifuwa. Bwalo ili ndi phiri la Michesi n'zapachibale."

"Si zapachibale chabe, ndi mwana wake weniweni," anayankha a Goliati, bambo ake a Madalo, ali pampando pakhonde. Nkhope yawo inaloza kumene kunachokera mawu, koma maso awo sankaona kanthu. Matenda a shuga anawalanda maso zaka zitatu zapitazo, koma pakamwa anawasiyira pathunthu.

A Lenia, akazi awo, anali chakhalire pamkeka akusenda nandolo. Ankamvetsera mtima ukuwayera. Madalo, mwana wawo mmodzi yekha wamkazi, anali namwino ku Blantyre, ndipo anali atatsika minibasi m'mawa womwewo ndi nkhani imodzi: akufuna kumangira makolo ake mpanda wa njerwa. Mbuzi za anthu zinkamaliza chinangwa cha kuseri kwa nyumba. Koma chimene chinkamusowetsa tulo Madalo ndi njinga zamoto za kabaza zimene zinayamba kudutsa mumsewu wa pakhomopo ngati zikuthamangitsidwa. Ankaopa kuti tsiku lina bambo ake adzasochera n'kukaima pakati pa msewu.

"Njira zilipo ziwiri," anatero Howard akusasa fumbi m'maondo. "Tikhoza kumanga khoma lotsika ngati masitepe, kutsata nthaka mmene ilili. Limalimba ndithu, kungoti odutsa amati mmisiri anamanga atalawa. Kapena tisalaze kaye bwalo lonse. Dothi la kumtunda tikokere kumunsi, miyala tizule, mizu tidule. Mpanda ukatero umaima ngati wa ku Boma."

"Tisalaze," anatero Madalo osaganiza n'komwe. "Ine kuchipatala ndatopa n'kuona agogo othyoka chiuno. Amangopunthwa pakamwala, basi, osadzukanso. Taonani chipsera chili pabondo pa ababa. Ndipo nsapato zija ndinakugulirani zili kuti, ababa? Mukuyenderanji chosavala?"

"Ndikuzisungira ukwati wako," anatero a Goliati.

"Ndiye zidyedwa ndi chiswe. Inu mukuti bwanji za kusalazaku?"

"Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, mwanawe. Ndipo ine usandifunse, pano ndine mkamwini. Malo ndi a amako. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndikungodikira tsiku londiuza kuti ndilongedze ndizipita kwathu ku Jenala."

"Mukanalongedza chiyani?" anatero a Lenia osadzutsa mutu. "Munabwera ndi buluku limodzi ndi wailesi yakufa."

Onse anaseka, ndipo nkhani inatha pomwepo. A Lenia anavomera. Akanakana bwanji? Amayi anzawo a kumpingo ana awo amangowatumizira zithunzi pafoni, iwo mwana wawo akubwera ndi mmisiri. Kunena zoona, anali atayamba kale kuganiza mmene adzaimire pageti Lamulungu lina, akutsegulira alendo pang'onopang'ono kuti aone bwino.

Za amuna awo analibe nkhawa. A Goliati kutchalitchi ankalola kugwiridwa dzanja, kuchipatala chimodzimodzi, koma pakhomo pawo ayi. Ankadzuka okha, kukatsegulira mbuzi okha, kupita kubafa ndi kuchimbudzi okha, ndodo ataitsamiritsa pakhoma. Maso atangozima anawauza akazi awo mawu amene sanawabwerezenso: "Amake Madalo, tsiku limene mudzandigwire dzanja kupita kuchimbudzi, mudzatumiretu uthenga ku Jenala kuti abale anga abwere ndi makasu." A Lenia anawadziwa amuna awo. Mawu amenewo sanali nthabwala.

Loweruka m'mawa Howard anabwera ndi aganyu atatu, mapiki, mafosholo ndi wilibala. Anayambira pakati pa khitchini ndi chimbudzi, chifukwa pamenepo ndi pamene panali mwala waukulu wotumphuka pakati penipeni pa njira. Anaukumba, anauzula, anaugubuduzira pambali. Pofika masana malo otalika ngati nyumba yogona anali atasalala bwinobwino, dothi lofiira lili psuu kukongola. Aganyu anapita kukadya kwawo. Madalo ndi Howard analowera kutsidya kwa msewu kukaona uvuni wa njerwa.

Pakhomo panatsala anthu awiri. A Lenia anali pathandala akutsuka mapoto pamene anaona amuna awo akudzuka pampando. Anatsika pakhonde monga mwa masiku onse, anayenda mowongoka, anafika pamuzu wa mango, anakhota. Anayenda mapazi ena anayi n'kuponda dothi latsopano lija.

Anaima.

Phazi lamanja linatsogola, linapapasa uku ndi uku ngati dzanja lofunafuna machesi mumdima. Silinapeze kanthu. Anasuntha pang'ono, anapapasanso ndi lamanzere. A Lenia anatsegula pakamwa kuti akuwe kuti, "Kumanja, bambo a Madalo!" koma anakumbukira za makasu a ku Jenala, anatseka. Anati apeza okha. Pamenepa ndi pamene analakwitsa, ndipo anadziimba mlandu masiku ambiri pambuyo pake.

A Goliati anatembenuka, anayenda mapazi atatu, anagunda wilibala. Anabwerera chafutambuyo, anatembenukanso, ndipo tsopano anali atalunjika kumsewu, chimbudzi chili kumbuyo kwawo. Anaimanso, miyendo ataiphatikiza, manja atafumbata. Sanaitane munthu. Mwamuna amene anafolera denga la nyumba iyi, amene anakumba chimbudzi chimenecho ndi manja ake, anaima pakati pa bwalo lake dzuwa likuswa mtengo, osadziwa kolowera. Kenako a Lenia anaona buluku lawo lotuwa likuda kuyambira pamwamba kutsikira kumwendo.

Nthawi yomweyo kuseri kwa munda wa nandolo kunamveka kuseka kwa Madalo. Iye ndi Howard anali akubwerera, ndipo kunangotsala pang'ono kuti atulukire pabwalo.

A Lenia sanaganize. Ananyamula beseni la madzi otsukira mapoto, anathamanga ngati mtsikana, ndipo anawakhuthulira amuna awo madzi onse kuyambira pamimba mpaka kumapazi, khwaa!

"Kalanga ine!" anakuwa mokweza kuti a kumsewu amve. "Inunso mwaimiranji panjira ya madzi ngati chitsa? Munthu asatayenso madzi pakhomo pano?"

A Goliati anadzidzimuka, anapuma mwamphamvu. Kenako anamva mapazi a mwana wawo akuthamanga, ndipo anazindikira chimene akazi awo achita.

"Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima," anatero, mawu akutuluka movutikira. "Howard, uli pomwepo? Usadzakwatire kunsi kwa phiri, mwana wanga. Akazi a kuno amasambitsa munthu ndi makoko a m'poto."

"Amayi! Mwatani kodi?" anakalipa Madalo. "Munthu wamkulu chonchi osamuona? Amene sakuona ndi ababa kapena inu?"

"Ukalamba, mwanangu," anatero a Lenia. "Tapita ukatereke madzi ena."

Anawagwira dzanja amuna awo kupita nawo kubafa. Kanali koyamba pabwalo limenelo, ndipo a Goliati sanakane.

M'bafamo a Goliati anakhala panjerwa, akazi awo akuwathira madzi kumsana. A Lenia misozi inkatsika, koma ankaonetsetsa kuti mphuno isawaulule.

"Mukulira," anatero a Goliati.

"Ndi sopo."

"Sopo ali m'manja mwanga."

A Lenia anangothira madzi ena.

"Ine bwalo ili ndimaliona ndi mapazi, amake Madalo," anatero a Goliati motsitsa mawu. "Ndikatsika pakhonde, phazi lamanzere likamaponda m'munsi kuposa linzake, ndimadziwa kuti ndalunjika kumango. Zala zikaloza kunsi, ndiye kuti ndikupita kukhola. Mwala uja ndimachita kuugunda dala ndi chala chachikulu. Umandiuza kuti kwatsala mapazi asanu ndi limodzi, ndikhotere kumanja. Lero ndafika paja, nthaka yangoti zii. Ngati mnzako amene umacheza naye tsiku lililonse wangosiya kukuyankha."

"Nanga chipsera cha pabondochi?"

"Mwaiwala? Ndinagwa pakhonde la sitolo ku Boma. Pasimenti, posalala bwino. Pano sindinagwepo."

"Ndiye dzulo osanena bwanji? Pakamwa ponsepo mumangosungira nthabwala?"

"Ndinene chiyani? Mwana wadzimana zaka zonsezi kuti atimangire chinthu chooneka. Ndimuuze kuti mphatso yake ndi yoipa? Asalaze basi. Mudzandiikira chitini kuseri kwa chitseko, nkhalamba zina zimatero." Anafufuza dzanja la akazi awo mpaka analipeza. "Koma za lerozi musamuuze. Mwana wamkazi asamve zotere za bambo ake."

"Sindimuuza," anatero a Lenia.

Analonjeza zimenezo zokha. Za chitini ayi, chifukwa anali atakwiya. Anakwiyira amuna awo, anakwiyira mwala, koma makamaka anadzikwiyira okha. Zaka zitatu ankaona munthu akuyenda chosavala ngakhale mwezi wa Juni, iwo n'kumati ndi makani chabe.

Atawakhazika amuna awo m'nyumba kuti apumule, anatuma Howard kuti akaitane aganyu ake. Anachapa buluku lija, analiyanika pachingwe, kenako anaitana Madalo pakhonde.

"Vula nsapato."

"Amayi?"

"Vula. Ndinakubereka wopanda nsapato."

Madalo anavula akuseka. A Lenia anamasula duku lawo kumutu, anamumanga nalo m'maso, anamuzunguza kawiri.

"Pita kukhola."

"Amayi, ine ndine munthu wamkulu. Masewera a ana awa."

"Pita."

Madalo anatambasula manja, anatsika pakhonde mwamantha. Mapazi oyamba ankaponda ngati pali minga. Koma bwalo limeneli ndi limene anakwawirapo, ndipo mapazi ake anakumbukira zimene mutu unaiwala. Anamva nthaka ikumukokera kunsi, anaitsata, anadumpha kangalande ka madzi a mvula osauzidwa, mpaka dzanja lake linagwira mtengo wa khola.

"Ndafika!" anakuwa ngati mwana wapambana mpikisano.

"Bwerera pakhonde. Tsopano upite kuchimbudzi."

Anabwerera, anayambanso. Ataponda muzu wa mango anaseka. "Muzu uwu unandichotsa chikhadabo ndili Sitandade 2!" Anakhota, anayenda mapazi anayi, anafika padothi latsopano. Anapitirira pang'ono, kenako kuseka kunatha. Phazi lake linayamba kupapasa. Anatembenukira uku, anatembenukira uko.

"Amayi, ndalunjika kuti?"

A Lenia anakhala chete.

"Amayi, muli pomwepo? Tandiuzani."

Sanamuyankhe. Zinawapweteka kumusiya mwana wawo ali chiimire choncho, koma anamusiya ndithu mpaka manja ake anagwa m'mbali.

Madalo anamasula duku. Anali atalunjika kumsewu. Anayang'ana pansi, ndipo anaona kuti waima pamatope, pamalo omwe aja amayi ake anakhuthulira madzi. Anayang'ana chimbudzi chili kumbuyo kwake, anayang'ana buluku likudontha pachingwe, kenako anayang'ana amayi ake. Anali namwino, ndipo anali atasinthapo zofunda za nkhalamba zambiri zimene zinkalumbira kuti zatayira tiyi. Sanafunse kanthu, ndipo a Lenia sananene kanthu.

Anabwera n'kukhala pamkeka, mutu anautsamiritsa paphewa pa amayi ake.

"Ine ndimangofuna kuti asagwe," anatero akulira.

"Ndikudziwa, mwanangu. Nanenso ndinavomera. Ndimaganiza za geti." A Lenia anamupukuta ndi duku lomwe lija. "Mpandawo utimangire, tikuufuna. Koma bwalo ulisiye mmene lilili. Bambo ako maso awo atsala pansipa."

Howard atabwera ndi anyamata ake n'kumva kuti dothi libwerere pamene linachoka, anavula chipewa n'kudzikanda m'mutu.

"Mayi, ine dzina langa lili pamakoma. Anthu akaona mpanda wotsika ngati msana wa ng'ombe adzati Howard levulo anagulitsa."

"Udzawauze kuti mwini malo ndi nkhalamba yamakani," anatero a Lenia. "Aliyense kuno akudziwa kuti si bodza. Ndipo kumunsiko usiye mabowo, madzi a m'phiri azidutsa. Amenewo sapempha njira."

Madalo analowa m'nyumba, anagwada pafupi ndi bambo ake. A Lenia anaima pakhomo akumvetsera.

"Ababa, ndasintha maganizo. Posalala paja sipakundisangalatsa, pakuoneka ngati pamanda a mzungu. Ndikufuna pabwerere mwakale. Koma vuto n'lakuti palibe amene akukumbuka mmene panalili. Mungatithandize?"

A Goliati anakweza dzanja, anapeza mutu wa mwana wawo, analisiya pomwepo.

"Ana a masiku ano," anatero. "M'mawa china, madzulo china. Tiye."

Madzulo amenewo anthu odutsa mumsewu anaona zachilendo: amuna anayi amaso akulamulidwa ndi munthu wosaona. A Goliati anaima pamuzu wa mango, buluku atalipinda mpaka m'maondo, akuponda n'kumalamula.

"Onjeza mafosholo awiri apa. Ayi, wachulutsa, ukufuna ndikwere Michesi? Chotsako. Apa panali kadzenje, nkhuku zimasambapo fumbi. Ponda, iwe, ponda ndi chidendene, sukuvina tchopa!"

Aganyu ankaseka mpaka kugwira m'mimba, koma ankachita zimene auzidwa. Madalo ankawaza madzi kuti dothi ligwirane. Mwala uja anaugubuduza n'kuubwezera m'dzenje lake. A Goliati anaugunda ndi chala, anapukusa mutu.

"Mwauika chozondoka. Mphuno yake imaloza kukhitchini."

Anauzulanso, anautembenuza, anaukwirira. Howard mwiniwake, amene poyamba anaima patali manja ali m'thumba, anapezeka atagwada akushindira dothi m'mbali mwa mwalawo ndi chigwiriro cha piki, n'kumafunsa kuti, "Apa bwanji, madala? Pafika?"

Dzuwa litapendeka ntchito inatha. Aganyu anakhala pansi pa mango akumwa thobwa, Howard akukhoma zikhomo za maziko kutsata mtsetse. A Goliati anabwerera pampando wawo, anamwa thobwa makapu awiri ngati munthu wofuna kutsimikiza kanthu. A Lenia ndi Madalo anakhala pamkeka akumalizitsa nandolo uja.

Patapita nthawi mpando unalira. A Goliati anadzuka, anatsika pakhonde. Maso onse anali pa iwo, ngakhale aliyense ankayesa kuoneka wotanganidwa. Anafika pamuzu, anakhota. Ataponda dothi latsopano anazengereza, phazi lili m'malere. Madalo anayamba kudzuka, koma amayi ake anamugwira chitenje n'kumukhazikanso pansi.

Phazi lija linatera. Linatsatira linzake. Chala chachikulu chinagunda mwala. A Lenia anawerenga chamumtima mpaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chitseko cha malata chinalira, kenako chinatsekeka.

Madalo anabisa nkhope m'manja. A Lenia anapeza kuti nandolo amene ankasenda ankamuponya kumakoko, makoko m'lichero.

"Howard!" anamveka mawu kuchokera m'chimbudzimo.

"Wawa, madala!"

"Mwala uja mwaupendeketsabe pang'ono."

"Tiukonze?"

"Ayi, usiyeni. Tizolowerana."